Msana wa msodzi ukayamba kudandaula

Mvula ikakata, madzi a mu Ruo n'kuyamba kuyera, mudzawaona akuluakulu a imvi akutsetsereka kumtsinje m'bandakucha, ndodo ya nsungwi paphewa, kachitini ka nyongolotsi m'manja. Ena amalowera ku Lichenya, ena ku Thuchila, ena ku Muloza kumalire ndi Mozambique. Alipo amene amaweta makumba m'madamu okumba okha kudimba, aliponso amene akalambira panjinga, kupita ndi kubwera ku nyanja ya Chilwa kudzera ku Phalombe, dera limene mpaka 1998 linali mbali ya boma la Mulanje. Kawedzedwe kawo n'kosiyana, koma mukakhala nawo pansi n'kuwafunsa za m'thupi, onse dzanja limathamangira malo amodzi: kumbuyo, pamwamba pa chiuno.

Atsibweni anga anali mmodzi wa iwo. Ankakhala pamwala umodzimodzi kuyambira kusanache mpaka dzuwa litafika paliwombo, maondo ali pachifuwa, maso ali pachingwe. Podzuka ankayamba agwira maondo ndi manja onse awiri, n'kuima atapindika ngati chikwakwa, kenaka n'kusamutsira manja m'chiuno, kuwongoka pang'onopang'ono uku akuluma mano. Chaka china ululu utakula, abale tinagwirizana zowalanda mbedza. "Atsibweni, mwakula, pumulani. Ndiwo tizikugulirani," tinatero. Anagona pamphasa pafupifupi mwezi wathunthu. Podzuka apo miyendo inali itaonda, msana utauma gwa, ndipo mtunda umene kale ankauyenda akuimba mluzu unawakanika. Chisoni chinapha nkhwali, ndipo chathu chinatsala pang'ono kupha miyendo ya munthu amene tinkamukonda.

Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana kuchokera m'khosi kutsika, ndipo 5 ta pamwamba pa chiuno nditimene timasenza thunthu lonse. Pakati pa timafupato pali tinthu tofewa togwira ntchito ya nkhata, tolandira kulemera kuti mafupa asakhulane. Munthu akali mnyamata nkhatazi zimakhala ndi madzi ambiri. Zaka zikamapita zimauma ndi kuphwa, monga imachitira nkhata ya masamba a nthochi imene yasenzera mitolo yambiri. M'kati mwa mzere wa mafupawo muli ngalande modutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo nthambi zake zimatulukira m'mbali kupita kumiyendo, kuchikhodzodzo ndi kumatumbo. Chimene chimagwiriziza zonsezi ndi minofu ya kumsana, ya pamimba ndi ya m'matako. Minofuyo ikafooka ndi kugona, katundu amatsalira nkhata zouma zija.

Tsono taonani ntchito imene msodzi amaupatsa msanawu. Kukhala chowerama pamwala waufupi maola asanu kumaumitsa minofu, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene chiperoni chakuta phiri ndipo mphepo ya kumtsinje imalowa mpaka m'mafupa. Ali chiumire choncho, munthu amadzuka n'kukazula mono wodzala matope, atawerama, thupi litapotoka, phazi lili pamwala wa ndere. Apa ndi pamene ambiri amamva ngati wina wawabaya mpeni m'chiuno. Wa damu naye ali ndi zake: namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, amene madamu awo anakwiririka anafukula mchenga ndi khasu ndi ndowa. Wa ku Chilwa amaponda bwato choimirira poti nyanjayo ndi yosaya, akatero dengu la matemba panjinga, msewu wa mabampu. Ndipo msana womwewu ndi umene walima mizere zaka 50, mwinanso kubereka dengu la tiyi kuesiteti kuyambira unyamata.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wa m'munsi, ndipo palibe vuto lina limene limalepheretsa anthu ntchito kuposa limeneli. Limatinso mwa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yoti n'kuiloza ndi chala: palibe chothyoka, palibe chotupa, palibe kachilombo. Ndi minofu, mfundo ndi nkhata zimene zatopa. Ululu wotere, ngakhale ubwere mwaukali, kwa ambiri umatsika m'masabata 6, kungoti umakonda kudzacheza kachiwiri.

Ambiri amakhumudwa akabwerako kuchipatala osajambulidwa. Koma chithunzi sichinena zonse. Mu 2015 akatswiri anaphatikiza zithunzi za misana ya anthu oposa 3,000 amene sankamva ululu uliwonse, ndipo anapeza kuti mwa a zaka 60, anthu 88 pa 100 alionse nkhata zawo zinali zitayamba kuphwa. Mwa a zaka 80 anali 96. Kuphwa kwa nkhata ndi imvi za m'kati. Ine mawu akuti "mafupa anu atha" ndimawaopa, chifukwa munthu akawamva amaleka kuwerama, amaleka kuyenda, tulo timathawa, ndipo mantha ndi kusagona zimakuza ululu womwewo.

Pali ululu wa mitundu iwiri umene msodzi wachikulire ayenera kuuzindikira. Wina umatsika ndi mwendo umodzi, kuchokera m'thako mpaka kukatumba kapena kuphazi, wowotcha kapena wogwira ngati magetsi, nthawi zina ndi dzanzi. Apa nkhata imakhala yatumphukira kunja n'kukanikiza mtsempha. Umawawa koopsa, kutsokomola komwe kumauputa, komabe ambiri amapeza bwino m'miyezi iwiri kapena itatu popanda opaleshoni. Winawo ndi wa okalamba enieni. Ngalande ija imachepa, ndiye munthu akaima kapena kuyenda pang'ono miyendo imalemera ndi kuchita dzanzi, koma akakhala pansi zimasiya. Mudzamudziwa ndi ichi: amapalasa njinga mpaka kumsika wa Chitakale kapena Limbuli, koma kuyenda wapansi kukafika kutchalitchi kumamukanika. Apabanja amayesa akunamizira. Sakunama ayi. Kuwerama kumatsegula ngalandeyo, ndipo kwa iyeyu njinga ndi mankhwala.

Odwala msana oopsa ndi ochepa, koma nthenda zawo sizidikira. Mkodzo ukakanika kutuluka kapena ukamatuluka wokha, chimbudzi chikamathawa, pokhalira chishalo cha njinga pakachita dzanzi, kapena miyendo ikamafooka tsiku ndi tsiku, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Mitsempha yapanikizika, ndipo kuchedwa masiku owerengeka kungasiye munthu wolumala. Chifuwa chachikulu nachonso sichikhala m'mapapo mokha; chimadyanso mafupa a msana, makamaka mwa amene ali ndi HIV. Ululu wake sumvera kupuma, umakula usiku, umabwera ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta, ndipo pakapita miyezi pamsana pamatuluka kalinunda. Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo oyamba msanga amachira, ngakhale a msana amamwedwa kupitirira miyezi 6 ya TB ya m'mapapo.

Msodzi alinso ndi mdani wake wa m'madzi. Tizilombo ta likodzo, tochokera m'nkhono za m'madamu, m'madambo ndi ku Chilwa, kawirikawiri timaikira mazira m'chikhodzodzo kapena m'matumbo, koma mwa apo ndi apo mazirawo amakafika kumtsempha wa msana, munthu n'kuyamba kumva ululu m'chiuno, miyendo kufooka, mkodzo kuvuta. Mankhwala ake, praziquantel, alipo, koma dokotala sangaganizire msanga za likodzo ngati simunamuuze kuti mumakhalira m'madzi. Kwa bambo wa zaka zoposa 60 amene mkodzo ukutuluka modukizadukiza, msana n'kumawawa usiku, pafunika kuyeza prostate, pakuti khansa ya pamenepo imakonda kuthamangira m'mafupa a msana. Ndipo wokalamba amene waterereka n'kugwa chagada pamwala akaonedwe, chifukwa mafupa opepuka amaphwanyika ngakhale ndi kugwa kwapafupi. Ndikudziwa kuti n'kovuta kwa agogo kufotokoza za mkodzo kwa mwana wa dzulo wovala zoyera. Fotokozani ndithu, iye ndi zomwezo zimene akufuna kumva.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, chithandizo choyamba ndi kuyenda. Kugona tsiku limodzi kapena awiri pamene ululu wafika pachimake si kulakwa, koma pambuyo pake munthu adzuke, azungulire bwalo, mawa afike pamjigo, mkuja kudimba. Kuthowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha, monga ankachitira makolo, kumamasula minofu. M'mawa musanadzuke pamphasa, gonani chagada, kokerani bondo limodzi pachifuwa, kenaka linalo. Pindani maondo, mapazi ali pansi, tukulani matako, werengani mpaka 5, tsitsani, bwerezani kakhumi. Gwadani, manja pansi, mukweze msana ngati mphaka akudziwongola, n'kuutsitsanso. Kumva kukoka pang'ono si ngozi. Ululu ukamatsikira kumwendo, lekani kaye. Phindu lake silioneka tsiku limodzi, limafuna masabata.

Pa mapiritsi ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa pano ndi pamene okalamba athu akudzivulaza mosadziwa. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi ndi a banja limodzi. Amachepetsadi ululu, koma amakanda m'mimba mpaka zilonda ndi kutaya magazi, amakweza BP ndipo amatopetsa impso, ndipo ngozi zimenezi zimakula ndi zaka. Ndaonapo msodzi akumeza bulufeni awiri ndi indosidi mmodzi m'mimba mopanda kanthu, madzulo n'kuthirapo kachasu kuti agone. Kuphatikiza awiri a banja limodzi sikuwonjezera mphamvu, kumangowonjezera ngozi. Ngati mwamwa, mwani mtundu umodzi, mutadya, kwa masiku ochepa. Chimbudzi chikada ngati makala, siyani ndipo thamangirani kuchipatala. Amene ali ndi BP, shuga, zilonda za m'mimba, vuto la mtima kapena impso, ndi amene amamwa ma ARV, afunse kaye dokotala. Panado savuta m'mimba, koma kafukufuku wa ku Australia wa 2014 anaonetsa kuti payekha safulumizitsa kuchira kwa msana. Asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg patsiku, ndipo munthu woonda kapena womwa mowa amwe ochepera apo, kuteteza chiwindi.

Mu Disembala 2023 WHO inatulutsa malangizo a msana umene wawawa kupitirira miyezi itatu. Inavomereza kuphunzitsa wodwala za vuto lake, mafizo, kusisita, uphungu wothandiza kuthana ndi mantha, ndi mapiritsi a banja la bulufeni mosamala. Inaletsa kudalira malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu ozolowereka a gulu la morphine. Za mphini ndinene mosabisa: sizifika pa nkhata kapena pamtsempha, ndipo lumo logwiritsa anthu angapo limapatsirana HIV ndi matenda a chiwindi. Choipa kwambiri n'chakuti miyezi imene munthu wa TB ya msana amataya akutemedwa ndi imene miyendo yake ikanapulumukira.

Njira ya chithandizo imayambira pachipatala chaching'ono cha kwanu, kenaka chipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kapena Mulanje Mission cha mpingo wa CCAP. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesala a za mafupa, ndipo ndi amene amaona odwala ambiri otere m'maboma. Funsaninso za a mafizo. Zikafunika amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mumzinda womwewo muli Kachere, kumene amathandiza amene miyendo inafooka kuti ayambenso kudzithandiza. Opaleshoni ndi ya ochepa: amene mitsempha yapanikizika koopsa, kapena amene mwendo wakana kusintha patapita miyezi.

Atsibweni anabwerera kumtsinje, koma kawedzedwe anasintha. Anasema kampando kofika m'maondo kuti chiuno chisamatsike kuposa maondo, ndipo masiku a chiperoni ankadikira dzuwa lituluke, atavala jekete. Mono ankayamba aukokera m'mphepete, madzi akhe, kenaka n'kupinda maondo, kuukumbatira pafupi ndi mimba, n'kudzuka ndi mphamvu ya miyendo, kutembenuka ndi mapazi osati ndi chiuno. Wolemera ankaitana mdzukulu: "Iwe, tagwira uko." Pamiyala ya ndere ankayenda ndi ndodo, ndipo fodya, amene amachepetsa magazi opita ku nkhata zija, anamusiya. Masiku ena msana unkawawabe, ndipo ankathowa madzulo. Pakapita kanthawi ankazika ndodo ya mbedza mumchenga, n'kuyenda mpaka pamtengo wa mkuyu umene unali kumtunda kwa dziwe, manja ali m'chiuno, n'kubwerera kudzaona ngati nyambo yadyedwa.