Mazira Alipo Ambiri, Koma Pathupi Pakusowa

Mu 1935, madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, analemba za amayi 7 amene ankatha miyezi osasamba, ndipo mabasiketi awo a mazira anali otupa. Lero vutoli limatchedwa PCOS. Bungwe la WHO likuti limagwira amayi 6 mpaka 13 mwa 100 alionse a msinkhu wobereka, ndipo ochuluka mwa iwo sadziwa n'komwe kuti ali nalo.

Chodabwitsa n'chakuti mayi wotereyu mazira sasowa. Akamuunika pa sikani, m'basiketi mumaoneka timatumba tambirimbiri titandandalikana, kalikonse kali ndi dzira lake. Mwezi ndi mwezi kamodzi kamayenera kukula n'kutulutsa dzira, koma kwa iye timatumbati timapinimbira. Mahomoni achimuna amakhala atachuluka, n'chifukwa chake ena amamera ndevu kapena kutuluka ziphuphu. Kwa ambiri thupi silimveranso bwino insulin, homoni yoyendetsa shuga, ndiye imachuluka m'magazi n'kumakolezera mabasiketiwo kupanga mahomoni achimuna owonjezera.

Nanga dzira lokulira m'malo otere limakhala lotani?

Selo iliyonse ili ndi tizigawo ta DNA tosunga malangizo a chibadwa, timene asayansi amati majini. Selo siwerenga onse nthawi imodzi. Imakopera okhawo amene ikuwafuna n'kupanga timauthenga totchedwa mRNA. Dzira likamakhwima limaunjika timauthengati ngati kamba wa paulendo, pakuti likakumana ndi umuna, masiku pafupifupi atatu oyambirira kamluza kamadalira zimene mayi analongedza, kasanayambe kuwerenga malangizo akeake. Kambayo akaperewera, ulendo ukhoza kuthera panjira mayi asanadziwe kuti anaima.

Mu 2007, Jennifer Wood ndi anzake ku America anayerekezera mazira okhwima a amayi a PCOS ndi a amayi ena. Pooneka anali ofanana. Koma mwa majini oposa 8,000 amene anali kugwira ntchito, 374 ankatulutsa timauthenga tochuluka kapena tochepa mosiyana ndi mazira enawo, ndipo ena mwa iwo ndi amene amaonetsetsa kuti ma chromosome, timitolo tosunga majini, agawikane bwino. Amayi amene anayezedwa anali ochepa, komabe kafukufukuyu anasonyeza kuti dzira looneka bwino pa maikulosikopu likhoza kukhala ndi vuto mkati. Asayansi ena amafufuza maselo ozungulira dzira, amene amalidyetsa, pofuna kudziwa dzira lamphamvu popanda kuliboola.

Vuto la PCOS limayendanso m'magazi pa chibale. Mu 2011, gulu la Zi-Jiang Chen ku China linapeza kuti jini yotchedwa DENND1A ikukhudzidwa. Izi n'zofunika kuzimva kwathu kuno, kumene mayi wosowa mphatso amanenedwa kuti anachotsa mimba ali mtsikana kapena anamulodza, n'kumangomwetsedwa zitsamba zaka zikupita. Mlandu umenewu si wake.

Ndipo amayi ambiri a PCOS amabereka. Kwa onenepa, kuchepetsako thupi ngakhale ndi makilogalamu 5 pa 100 alionse kumathandiza kuti msambo ubwerere m'chimake. Alipo mapiritsi othandiza dzira kutuluka. Pa kafukufuku wa amayi 750 amene Richard Legro anatsogolera, wofalitsidwa mu 2014, amayi pafupifupi 28 mwa 100 alionse omwa letrozole anabereka mwana wamoyo, pamene omwa clomiphene anali 19. Kuyambira 2018, malangizo a madokotala padziko lonse amati ayambe ndi letrozole.