Chaka chimodzi pa bizinesi ya zithunzi zomata mapepala: ndalama ili pa makadi

Makalendala akale, magazini ndi makatoni omwe ena amataya kudzala ndiwo mpamba wa mtsikana wina wa mu mzinda wa Lilongwe. Amadula kapena kung'amba mapepalawa, n'kuwamata pa katoni mpaka patatuluka chithunzi cha mlambe, bwato la panyanja kapena mayi atasenza mtsuko. Watha chaka akugulitsa, ndipo zomwe wakumana nazo zikukhudza aliyense wogulitsa katundu wopanga ndi manja.

Poyamba anagwa pa mtengo. Poti mapepala ankawapeza ulere, ankangowerengera guluu ndi felemu. Masiku awiri kapena atatu odula ndi kumata sankawawerengera, ndalama ya minibasi yopita kumsika nayonso ayi. Katundu ankatha, koma mpamba sunkakula. Tsopano asanatchule mtengo amalemba m'kope zipangizo, mayendedwe ndi malipiro a tsiku lililonse lomwe wagwira ntchito. Guluu ndi galasi zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsata kwacha, monga momwe zinakhalira itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amawerengeranso mtengo nthawi iliyonse akapikula zipangizo zatsopano.

Dzinja nalo linamuphunzitsa. Zithunzi zomwe anamata ndi phala la ufa wa chinangwa zinachita nkhungu, zina mphemvu zinadya, ndipo kasitomala mmodzi anabweza katundu. Anasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, kupaka vanishi pamwamba, ndi kusunga zithunzi pa shelefu, osati pansi.

Za ogula, iye ankayembekezera kuti alendo akunja, omwe amachuluka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, azigula zithunzi zazikulu zagalasi. Ambiri ankangoyamikira n'kudutsa, chifukwa galasi limalemera ndipo limasweka pa ulendo. Zomwe zinayenda malonda ndi makadi ndi tizithunzi tokwana m'chikwama. Makadi omwewo Amalawi anawagula kwambiri pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, komanso pa Khirisimasi. Januwale ndi Febuluwale kunali zii, anthu ali pa fizi ndi chakudya. Miyezi imeneyi tsopano waisandutsa yopangira katundu wodikira nyengo yabwino.

Ngongole nayo inamuluma. Maoda awiri a zithunzi zokhala ndi mayina a eni ake sanatengedwe, ndipo chithunzi cholembedwa dzina la munthu sichigulitsika kwa wina. Lero sagwira sizasi asanalandire theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Akasiya katundu m'shopu ya munthu kuti amugulitsire, onse awiri amasayina m'kope kuchuluka kwa katundu, mtengo ndi tsiku lolipira.

Bizinesiyi sinafike pomulipirira lendi mwezi ndi mwezi, moti ganyu yosoka sanaisiye. Chaka chachiwiri akuchiyamba ndi makadi ambiri, mafelemu ochepa, ndi ndalama ya zipangizo yosungidwa payokha, yosakhudzana ndi ya ndiwo.