Akati "pali kadontho m'mapapo," kodi ndi khansa?

Dokotala akayang'ana chithunzi cha X-ray ya m'chifuwa n'kunena kuti "pali kadontho apa," ambirife mtima umangoti phaa. Maganizo amathamangira ku khansa basi. Ine ndimaona kuti manthawa amakula chifukwa sitidziwa kuti kadonthoko n'chiyani.

Pachithunzipo mapapo abwinobwino amaoneka akuda chifukwa amadzaza mpweya, pomwe mafupa amaoneka oyera. Kanthu kolimba kakakhala m'mapapo kamaoneka ngati kadontho koyera. Ngati sikanapitirire masentimita 3, madokotala amakatchula kuti nodule. Kakaposa apo amati mass, ndipo safuna kuchedwa nako.

Timadontho tambiri ting'onoting'ono si khansa ayi. Kawirikawiri chimakhala chipsera cha TB yomwe inapola kalekale. Agogo athu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni amathanso kukhala nato chifukwa cha fumbi la miyala, matenda otchedwa silicosis. Komabe khansa ya m'mapapo imayambanso motere, makamaka kwa osuta fodya, ndipo mwayi wochira umakhala waukulu ikapezeka idakali yaing'ono.

Chovuta n'chakuti kadonthoka kamabisala. Pa X-ray nthiti, mtima ndi mapapo zimaoneka zosanjikizana, ndiye kakakhala kuseri kwa nthiti ngakhale katswiri akhoza osakaona. N'chifukwa chake dokotala akakayika amaitanitsa CT scan, yomwe imaonetsa mapapo gawo ndi gawo.

Makompyuta nawo alowererapo. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu owerenga zithunzi za m'chifuwa azigwiritsidwa ntchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Ena mwa mapulogalamuwa ndi CAD4TB ya ku Netherlands ndi qXR ya ku India. Pulogalamuyo imangoloza pokayikitsa, koma chotsimikiza kuti ndi TB n'kuyeza makhololo.

Langizo langa ndi ili: musataye chithunzi chakale, ngakhale cha mayi kapena bambo anu. Dokotala amachifananitsa ndi chatsopano, ndipo kadontho kolimba komwe sikanakule kwa zaka 2 nthawi zambiri sikakhala koopsa. Akakupatsani tsiku lokajambulitsanso, pitani ndithu ngakhale mukumva bwino. Koma ngati mwatsokomola masabata 2, mukuonda, mukutuluka thukuta usiku kapena mukulavula magazi, osadikira tsikulo. Kuyezetsa ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma m'Malawi.