Zinthu 16 zodabwitsa za oimba amene anabereka nyimbo za bluegrass

Banjo ikuthamanga, vayolini ikulira, mawu a amuna akukwera mpaka kumwamba. Zimenezo ndiye nyimbo za bluegrass za ku America. Ambiri amaganiza kuti ndi nyimbo za makolo akalekale. Ayi ndithu! Zinakhwima kumapeto kwa 1945, m'gulu la Bill Monroe lotchedwa Blue Grass Boys. Palibe woimba wa m'gululi pa nthawiyo amene anakula akuimba bluegrass, pakuti inali isanabadwe. Aliyense anabwera ndi zake. Anazitenga kuti? Muzilota tisanakuuzeni.

1. Mwini gulu anatola zotsala. Bill Monroe anabadwa mu 1911 pafupi ndi Rosine, ku Kentucky, ndipo anali mzime pa ana 8. Mkulu wake Birch anali atatenga kale vayolini, Charlie atatenga gitala. Bill anamusiyira mandolini. Zinathera pomwepo? Ayi. Anamuuzanso kuti achotse nsambo 4 mwa 8 kuti asamasokose. Mwana woletsedwa phokoso uja ndi amene lero amatchedwa tate wa bluegrass.

2. Anaphunzira ndi khutu. Bill anabadwa ndi vuto la maso. Kumaphunziro a nyimbo zakutchalitchi, anzake ankawerenga zizindikiro m'mabuku, iye osaziona bwino. Ankangotchera khutu n'kusunga mumtima. Atakhala ndi gulu lake, nyimbo zauzimu zoimba anthu anayi, aliyense ndi liwu lake, sizinkasowa pansanja. Buku linamukanika, koma nyimbo za m'bukumo anazifikitsa kutali kuposa amene ankaliwerenga.

3. Sukulu yake inali amalume. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 10, bambo ake ali ndi zaka 16. Anakakhala kwa amalume ake, a Pendleton Vandiver, katswiri wa vayolini amene ankayendera ndodo. Bill ankawaperekeza kumadansi n'kumawathandiza kuimba. Mukufuna kumva chimbale cha amalumewo? Kulibe. Anamwalira mu 1932 asanajambulepo nyimbo ndi imodzi yomwe. Zimene timamva lero ndi zimene mwana wa mlongo wawoyo anasunga m'mutu, n'kudzazitulutsa pachimbale mu 1972.

4. Talotani amene anapatsa Bill ganyu woyamba woimba. Anali Arnold Shultz, munthu wakuda wa ku Kentucky komweko, amene anagwirapo ntchito m'migodi ya malasha ndipo ankadziwa gitala ndi vayolini. Bill ali mnyamata ankamuimbira gitala kumadansi ochezera. Monroe mwini ankanena poyera kuti kakomedwe ka blues anakatenga kwa Shultz. Ndiye wina akakuuzani kuti bluegrass ndi ya azungu okhaokha, mukumbutseni dzina limeneli. Mumuuzenso kuti banjo inayamba ndi anthu a ku Africa otengedwa ukapolo, potengera zoimbira za kwawo monga akonting ya ku Senegal ndi Gambia.

5. Anayamba ndi miyendo. Mu 1929 Bill anatsatira akulu ake ku Indiana kukagwira ntchito pafakitale yoyenga mafuta ya Sinclair, kumene ankatsuka ndi kunyamula migolo. Kenako a wailesi ya WLS ya ku Chicago anawaona anyamatawa n'kuwatenga kuti aziyenda nawo m'zionetsero. Kuti aziimba? Ayi. Kuti azivina!

6. Munthu mmodzi, malo a abale awiri. Bill ndi Charlie ankaimba awiriwiri mpaka anasiyana mu 1938. Patapita zaka, Charlie anapeza Lester Flatt wa ku Tennessee, wogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Anamupatsa mandolini ndi mawu apamwamba, ndendende malo a Bill. Mu 1945 Bill anatenga Flatt yemweyo. Anamupatsa chiyani? Gitala ndi kutsogolera nyimbo, ndendende malo a Charlie.

7. Banjo ya nkhuku ziwiri. Woimba banjo woyamba m'gululi anali David Akeman, wodziwika kuti Stringbean. Banjo yake yoyamba yeniyeni sanagule ndi ndalama: anasinthanitsa ndi nkhuku ziwiri. Nanga anakumana bwanji ndi Monroe? Pabwalo la masewero. Monroe ankakonda baseball moti gulu lake linkasewera ndi matimu a m'matauni amene linkakaimbako. Mpira unayamba, banjo inabwera pambuyo.

8. Mkangano unabala luso. Earl Scruggs anabadwa mu 1924 ku Flint Hill, ku North Carolina. Bambo ake, amenenso ankaimba banjo, anamwalira iye ali ndi zaka 4, ndipo chaka chomwecho anayamba kuigwira. Ali ndi zaka pafupifupi 10 anakangana ndi mkulu wake, n'kukakhala yekha m'chipinda akukhwacha nsambo mokwiya. Mwadzidzidzi anazindikira kuti akuimba ndi zala zitatu m'malo mwa ziwiri. Akuluakulu ena a kwawoko, monga Snuffy Jenkins, ankaimba kale ndi zala zitatu, koma Scruggs anakusalaza kaimbidweko mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake.

9. Ankayeza nthawi ndi nyumba. Earl ndi mkulu wake Horace ankayamba nyimbo pakhomo, kenako wina n'kulowera uku, wina uko, kuzungulira nyumba akuimbabe koma osamvana. Akakumana kuseri, ankamvetsera ngati akadali pamodzi. Wina akatsogola kapena kutsalira, ankabwerera kukayambiranso. Yesani ndi mnzanu madzulo ano, muone ngati mungakumane.

10. Flatt sankafuna banjo. Stringbean atachoka, Flatt ankaona kuti banjo imangochedwetsa gulu. Ndiye kunabwera mnyamata wa zaka 21 amene pa nthawi ya nkhondo ankagwira ntchito pafakitale ya ulusi ku Shelby. Atangomumva, Flatt anasintha maganizo pomwepo. Mnyamatayo anali Scruggs, ndipo analowa m'gululi mu December 1945. Mu 1948 awiriwa anachoka n'kuyambitsa gulu lawo, Foggy Mountain Boys. Monroe zinamuwawa moti anadzayanjananso ndi Flatt mu 1971. Wokana banjo uja dzina lake silitchulidwanso popanda la woimba banjo.

11. Wa vayolini anali dalaivala. Chubby Wise sanachokere kumapiri. Anali wa ku Florida, ndipo ankayendetsa takisi mumzinda wa Jacksonville, usiku n'kumaimba m'malo achisangalalo. Zimene ankadziwa zinali swing ndi blues, zokoka uta pang'onopang'ono mokoma. Monroe ankakhala naye maola ambiri kumuonetsa zimene ankafuna kumva. Mapeto ake? Achinyamata akamaphunzira vayolini ya bluegrass yachikale lero, amatsanzira dalaivala wa takisi.

12. Wa bezi ankaseketsanso. Masiku amenewo woimba bezi wamkulu woimirira uja ankayenera kukhalanso wanthabwala. Howard Watts, nayenso wa ku Florida, ankavala zovala zoseketsa n'kumadzitcha Cedric Rainwater. Musamuderere. Pambuyo pake anakaimba bezi m'gulu la Hank Williams, Drifting Cowboys. Munthu mmodzi, magulu awiri a mbiri.

13. Mwa anyamatawo munali mayi. Kuyambira 1943 mpaka 1946, m'gulu la Blue Grass Boys munali Wilene Forrester, amene ankatchedwa Sally Ann. Mwamuna wake Howdy, woimba vayolini, anali atapita kunkhondo. Talotani choimbira chake. Akodiyoni! Lero okonda bluegrass yachikale ambiri safuna n'komwe kuiona akodiyoni pansanja, koma imamveka bwinobwino m'nyimbo zimene Monroe anajambula mu February 1945.

14. Katswiri wa kumgodi. Kenny Baker wa ku Jenkins, ku Kentucky, ankakumba malasha, ndipo mtima wake unali pa swing ndi jazi ya Stéphane Grappelli wa ku France. Analowa m'gululi mu 1957, koma ankachoka n'kubwerera kumgodi ndalama za nyimbo zikachepa. Ngakhale ankapita n'kubwera chonchi, palibe woimba amene anakhalitsa ndi Monroe kuposa iye. Anatsanzika komaliza mu 1984.

15. Awiri anabwerera banjo imodzi. Mu 1963 Del McCoury anafika akuyembekeza kuimba banjo. Nthawi yomweyo kunafikanso Bill Keith wa ku Boston, amene anaphunzira ku Amherst College ndipo anali atapeza njira yoimbira nyimbo za vayolini pabanjo osadumpha liwu ndi limodzi lomwe. Banjo inapita kwa Keith, koma dzina anataya: Monroe ankamutchula Brad, pakuti m'gulumo Bill anali mmodzi basi. McCoury anapatsidwa gitala ndi kutsogolera nyimbo. Kuluza kumeneko n'kumene kunamupanga kukhala mmodzi mwa mawu otchuka kwambiri a bluegrass.

16. Mphunzitsi nayenso ankatola. Oimba oposa 150 anadutsa m'manja mwa Monroe, ena ochokera ku rockabilly monga Peter Rowan, ena ku vayolini ya kusukulu monga Richard Greene. Koma imvani iyi. Mu 1946 Monroe anajambula "Blue Moon of Kentucky" mwapang'onopang'ono. Mu 1954 mnyamata wa zaka 19, Elvis Presley, anaithamangitsa ku Memphis. Monroe anachita chiyani? Chaka chomwecho anabwerera ku situdiyo n'kuijambulanso, kuyamba mofatsa kenako n'kuthamanga nayenso. Anamwalira mu 1996, ndipo mu 1997 dzina lake linalowa mu Rock and Roll Hall of Fame. Mukafunsa anzanu kuti wa mandolini anakalowamo bwanji, yankho muli nalo kale.