Kusinkhasinkha ndi Kuganiza Kwambiri m'Tsinde mwa Phiri la Michesi

M'Chichewa muli mawu awiri ooneka ngati apachibale, kuganiza kwambiri ndi kusinkhasinkha, koma ntchito zake n'zotsutsana. Munthu akamadandaula kuti akuganiza kwambiri amatanthauza kuti maganizo ake akuzungulira pa vuto limodzi usana ndi usiku, sakupeza tulo, chakudya sichikulowa, mutu ukuwawa, ndipo mtima ukugunda ngati wathamanga pamene wangokhala pakhonde. Kusinkhasinkha, m'tanthauzo limene akatswiri a umoyo wa m'maganizo amalipereka masiku ano, ndi luso lokhazika maganizo pa chinthu chimodzi chimene chikuchitika nthawi yomweyo, monga mpweya wolowa ndi kutuluka m'mphuno, n'kumawabweza mofatsa nthawi iliyonse akasokera.

Ambiri amayesa kuti kupsinjika maganizo ndi vuto la anthu a m'maofesi a ku Blantyre ndi Lilongwe, koma mbiri ya Phalombe, boma limene linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, imatsutsa zimenezi. Mu Malichi 1991 madzi osakanikirana ndi matope ndi miyala, amene anthu amawatcha napolo, anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, anakokolola midzi ndi minda m'dera la mfumu yaikulu Nkhulambe ndi madera ena. Pamwamba pa ngozi zikuluzikuluzi pali nkhawa za tsiku ndi tsiku, zimene sizimveka pawailesi. Mlimi wa nandolo akukumbukira mmene mtengo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, msodzi amadziwa kuti nyanja ya Chilwa imauma monga inachitira mu 1995 ndi 2012, pamene mayi wa geni pa Migowi kapena pa Chiringa amagona akuwerengetsa za banki mkhonde, fizi ya ana ndi katapila.

Thupi la munthu linapangidwa kuti lizidziteteza pa ngozi ya mwadzidzidzi. Ubongo ukazindikira zoopsa, tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso timatulutsa michere yotchedwa adrenaline ndi cortisol, imene imafulumizitsa mtima, kukweza kuthamanga kwa magazi ndi kulimbitsa minofu kuti munthu athe kuthawa. Zimenezi zimapulumutsa moyo pamene mtsinje wasefukira, koma zimasanduka katundu zikapitirira ngozi itadutsa, pakuti thupi silisiyanitsa bwino chigumula chenicheni ndi chikumbukiro cha chigumulacho, ndipo n'chifukwa chake wopulumuka pa ngozi yotere amatha kudzidzimuka ndi kutuluka thukuta mvula ikangoyamba kugunda malata usiku. Kupuma pang'onopang'ono, makamaka kutulutsa mpweya kwa nthawi yotalikirapo kuposa yokokera, kumadzutsa mitsempha imene ntchito yake ndi kubweza liwiro la mtima, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya kusinkhasinkha. Dokotala wa matenda a mtima wa ku Harvard, Herbert Benson, anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1975, ndipo mu 1979 Jon Kabat-Zinn anayambitsa pa yunivesite ya Massachusetts maphunziro a masabata asanu ndi atatu, amene anatenga njira zakale za Abuda n'kuzichotsa mwambo wa chipembedzo kuti zigwire ntchito m'chipatala.

Chiyambi chimenechi chimaopsa okhulupirira ena, amene amaona ngati ndi chipembedzo chachilendo cholowera kukhomo la kuseri. Manthawo alibe maziko enieni, popeza Benson yemweyo anaonetsa kuti zofunika ndi ziwiri zokha, kubwereza mawu kapena kachitidwe kamodzi ndiponso kubwerera ku chinthucho popanda kudzikalipira maganizo akathawa. Mkatolika wopemphera kolona, Msilamu wowerenga tasbihi ndi mkhristu wopita kumbindikiro kapena kukwera phiri kukakhala chete akhala akuchita zofanana ndi zimenezi kuyambira kale, ngakhale cholinga chawo chachikulu n'china.

Kachitidwe kake sikalira ndalama, foni kapena malo apadera. Munthu amakhala pampando kapena pamphasa msana uli woongoka, amakoka mpweya m'mphuno mpaka mimba itafufuma, n'kuutulutsa mosafulumira, ndipo amachita zimenezi kwa mphindi zisanu kapena khumi, m'mamawa asanapite kumunda kapena madzulo ana atagona. Maganizo a ngongole adzabwera ndithu, ndipo kubwera kwawo si kulephera, pakuti luso lonse lagona pa kuwazindikira n'kubwerera ku mpweya. Iwo amene anaona zoopsa ayenera kusamala pa mfundo imodzi, yakuti kutsinzina kumatha kubweretsa zithunzi za tsokalo, choncho n'kwabwino kuti maso akhale otsegula, mapazi atsamire pansi, ndipo munthuyo azitchula mumtima zinthu zimene akuona ndi kumva pamalopo, kaya ndi mtengo wa mango, kulira kwa tambala kapena kuzizira kwa dothi. Njira zoterezi zili m'maphunziro a Self-Help Plus a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, amene anayesedwa pakati pa amayi othawa nkhondo a ku South Sudan okhala ku Uganda, ndipo anapezeka kuti amachepetsa kupsinjika maganizo ngakhale ophunzitsa ake sanali madokotala.

Komabe luso limeneli lili ndi malire ake, ndipo amene amalilengeza ngati mankhwala a chilichonse amasocheretsa anthu. Kusinkhasinkha sikubweza ngongole, sikumanga nyumba yogwa, ndiponso sikulowa m'malo mwa mankhwala a BP. Kumangothandiza kuti munthu agone, aleze mtima pabanja ndi kulingalira bwino chochita. Sikulowanso m'malo mwa kulankhula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ku Zimbabwe, kumene Ashona amatcha vuto la kuganiza kwambiri kufungisisa, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito ya Friendship Bench, imene imaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza ovutika maganizo atakhala pabenchi pafupi ndi chipatala. Abambo ndiwo akufunika kumva zimenezi koposa, chifukwa malipoti a apolisi m'dziko muno amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, amene analeredwa ndi mawu akuti mwamuna salira.

Munthu amene wakhala wokhumudwa kwa masabata awiri kapena kuposerapo, amene wasiya kudya ndi kugwira ntchito, amene akumva mawu omwe ena sakuwamva, kapena amene akuganiza zodzipha, asadalire kupuma kokha ayi. Achibale amuperekeze msanga kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, kuchipatala chaching'ono chapafupi, kuchipatala cha Holy Family kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Migowi, kumene ovutika kwambiri amatumizidwa kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba.