Zaka Zisanu Akusaka Nsomba Yokhala ndi Khosi

Tagwirani mkono wanu. Kuchokera paphewa pali fupa limodzi, mukadutsa chigongono pali awiri, kenako timafupa ting'onoting'ono ndi zala. Mwendo wa buluzi ndi phiko la mleme nazonso zinayalidwa choncho. Kodi zimenezi zinayambira pati?

Funso limeneli ndi lomwe linamutengera Neil Shubin, pulofesa wa pa University of Chicago, kudera lozizira koopsa la Arctic. Ntchito yake ndi yofufuza mafupa a nyama zakale omwe anasanduka miyala.

Sanangonyamuka mwachimbulimbuli ayi. Panthawiyo asayansi ankapeza nsomba m'miyala ya zaka 385 miliyoni, pomwe nyama za miyendo inayi zinkayamba kuoneka m'miyala ya zaka 365 miliyoni. Shubin ndi anzake, Ted Daeschler ndi Farish Jenkins, anaganiza kuti nyama yapakatikati iyenera kupezeka m'miyala ya zaka pafupifupi 375 miliyoni, yomwe kale inali matope a mitsinje. Mapu a m'buku la maphunziro a miyala anawalozera kumpoto kwenikweni kwa Canada.

Anayamba kupitako mu 1999. Kumeneko munthu amagwira ntchito milungu yowerengeka pachaka, dzuwa osalowa usiku wonse. Amagona m'matenti, mfuti ili pafupi kuopa zimbalangondo zoyera. Maulendo atatu anatha osaipeza, ndalama nazonso zikutha.

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2004, pa chilumba cha Ellesmere, anaona mphuno yaphwatalala itasuzumira m'thanthwe. Nyamayo inali ndi mamba ndi zipsepse ngati nsomba, koma mutu ngati wa ng'ona, maso ali pamwamba. Inali ndi nthiti zolimba komanso khosi, chinthu chomwe nsomba wamba zilibe. Nanga m'kati mwa chipsepse? Fupa limodzi, awiri, kenako timafupa ting'onoting'ono!

Akuluakulu a mtundu wa Inuit, eni dera, ndi omwe anapereka dzina loti Tiktaalik, kutanthauza nsomba yaikulu ya m'madzi opanda mchere. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 2006.

Taonani momwe anagwirira ntchito. Ananeneratu msinkhu ndi mtundu wa miyala yoyenera, kenako anapita kukaona ngati akulondola, akudziwa kuti akhoza kubwerako chimanjamanja. Ntchito yotere imafuna Biology yodziwira mafupa, Geography yowerengera mapu, ndi mtima wosagwa mphwayi ulendo woyamba ukalephereka.