Malangizo kwa Mlendo mu Lusaka: Pogona, Pomwa ndi Podya

Caka ndi caka amuna ambiri a ku Migodi amanga katundu wao ndi kukwera basi ya ku Lusaka. Ena nchito yawathera, ena apuma atakalamba, ndipo ena angofuna kukayesa mwai ku mzinda waukulu. Kucokera ku Kitwe ulendo wace ndi wa makilomita pafupifupi 360, ndipo basi iwatsitsa pa Intercity, pa mseu wa Dedan Kimathi, pakati pa phokoso la anyamata olimbirana katundu. Pomwepo munthu ayamba kuzindikira kuti wafika kumene kulibe kapitao womuonetsa nyumba, kapena mnzace wa pa shifiti womuuza kodyera. Akulu anati safunsa anadya phula. Cifukwa cace nkhani ino isonkhanitsa malangizo amene anthu okhalitsa mu Lusaka apatsa mbale wao wofika kumene. Malangizowo ndi ambiri, koma mutu wace ndi umodzi: mlendo asanafunse mtengo wa nyumba kapena wa nsima, ayambe wafunsa za madzi.

MMENE MZINDA UNAKULIRA

Kuti munthu amvetse langizo limeneli ayenera kudziwa mmene mzindawu unakulira. Matauni a ku Migodi anamangidwa ndi makampani, ndipo kwa zaka zambiri nyumba, madzi ndi magetsi zinali kudza pamodzi ndi nchito. Lusaka sanamangidwe motero ai. Mu 1905 panali cabe poima sitima pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo mu 1935 Boma linasamutsirapo likulu la dziko kucokera ku Livingstone. Olemba mapulani anaganizira anthu owerengeka okha. Anchito aciAfirika anawamangira ku Kabwata ndi Kamwala, pambuyo pace ku Chilenje ndi Matero. Osowa malo anapempha kumanga pa mafamu a Azungu, ndipo maina a eni malowo akali pa makomboni monga George, John Laing ndi John Howard.

Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira ku likulu kucokera ku mbali zonse za dziko. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo oposa theka la iwo akhala m'makomboni momwe nyumba zinamangidwa mipope ndi ngalande zisanafike. Ndimo mmene mlendo wosakhala ndi ndalama zambiri apeza cipinda cace coyamba.

KUSANKHA NYUMBA

Okhalitsa anena kuti nyumba ya mu Lusaka idziwika bwino nthawi ya mvula, kuyambira December kufikira March. M'cilimwe bwalo lililonse lioneka louma ndi losesedwa bwino, koma mvula itakhazikika madera ena a ku Kanyama ndi Misisi asanduka thamanda, madzi nalowa m'nyumba. Amene afunafuna nyumba m'cilimwe ayang'ane pa cipupa ngati pali mzere wa matope wosonyeza pamene madzi analekeza, ndipo afunse anansi, osati mwini nyumba yekha.

Funso laciwiri ndi lakuti madzi akumwa acokera kuti. Madzi a m'mipope ya mzinda acokera ku mtsinje wa Kafue, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndi ku zitsime zakuya zokumbidwa ndi makina. Koma sikuti afika pa khomo lililonse. M'makomboni ambiri anthu agula madzi pa mpope wa onse, ndipo ena, pofuna kusunga ndalama, atunga pa zitsime zosaya za kuseri kwa nyumba. Apa ndipo pali ngozi. Pansi pa mzindawu, makamaka kumwera ndi kumadzulo, pali thanthwe la laimu, mwala womwe uja amai aphwanya m'mbali mwa miseu. Thanthwelo lili pafupi ndi nthaka ya pamwamba, ndipo lili ndi ming'alu ndi maenje ambiri. Tsono zonyansa za m'cimbudzi cokumba sizisefedwa ndi dothi monga kumudzi, koma zitsata ming'aluyo ndi kulowa m'citsime ca pafupi. Madziwo angathe kuoneka oyera mbee, koma ali ndi matenda.

Zina zofunsa ndi izi: kodi mabanja angati agwiritsa cimbudzi cimodzi, ndipo mita ya magetsi ndi ya cipinda cimodzi kapena ya onse? Mita ya onse ndiyo gwero la ndeu zambiri pakati pa anansi. Mlendo asapereke ndalama kwa munthu womlonjeza nyumba asanalowe m'nyumbamo ndi kuonana ndi mwini wace, ndipo polipira lendi alandire lisiti. Awerengenso ndalama za basi. Maminibasi ambiri athera pakati pa tauni, pa Kulima Tower, Lumumba, Millennium ndi City Market, kotero kuti wokhala ku Matero nagwira nchito ku Chilenje akwera mabasi awiri m'mawa ndi awiri madzulo. Cipinda cochipa ca kutali kawirikawiri cidya ndalama zoposa ca pafupi ndi nchito.

CIFUKWA CACE MADZI ALI PATSOGOLO

Mau amenewa si oopseza cabe. Mu October 2017 nthenda ya kolera inabuka mu Lusaka, ndipo pofika May 2018 inali itagwira anthu oposa 5,000 mu mzindawu, nipha pafupifupi 100. Mu October 2023 inabukanso, ndipo ulendo umenewu inali yoopsa koposa: m'dziko lonse odwala anaposa 20,000 ndipo omwalira anaposa 700, ambiri a iwo a mu Lusaka. Mu January 2024 bwalo la mpira la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe kufikira mwezi wa February. Maulendo onse awiri nthendayo inakula nthawi ya mvula, m'makomboni momwe zimbudzi ndi zitsime zili moyandikana.

Kudziteteza kwace sikufuna cuma. Madzi akumwa awiritsidwe kufikira atabwata, kapena athiridwe mankhwala a klorini monga mwa malangizo olembedwa pa botolo, ndipo asungidwe m'cigubu cotseka. Wina akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, amwetsedwe msanga madzi a mcere ndi shuga: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Apite naye ku kiliniki akumwa m'njira, osadikira kuti kuce, pakuti kolera ingathe kupha munthu wamphamvu tsiku lisanathe.

ZA KUDYA PA NYUMBA

Nyumba ndi madzi zikapezeka, cotsala ndi mphika. Langizo la okhalitsa ndi lakuti tsiku la malipiro munthu ayambe wagula thumba la ufa la makilogalamu 25. Ufa uli wa mitundu iwiri: wa bulekifasi, woyera ndi wosalala, ndi wa rola, wofanana ndi mgaiwa, umene uli wochipa ndiponso wopatsa thanzi koposa cifukwa gaga wace sanacotsedwe yense. Amene acedwa kugula thumba amaliza mwezi akugula timapaketi ting'onoting'ono tochedwa pamela, ndipo akawerenga bwino apeza kuti walipira zoposa mtengo wa thumba.

Ndiwo zigulidwa bwino ku msika wa Soweto, kumadzulo kwa mseu wa Lumumba, kumene malole atsitsa zokolola mbandakuca. Tomato ndi anyezi wogulitsidwa pa timisika ta m'komboni kawirikawiri acokera komweko, kotero mabanja atatu kapena anai akasonkha ndi kugula bokosi limodzi, nagawana, asunga ndalama zambiri. Pa msikapo dziko lonse lisonkhana: kapenta wa ku Siavonga ndi wa ku Mpulungu, nyemba za ku Mbala ndi za ku Solwezi, mpunga wa ku Mongu, wa ku Nakonde ndi wa ku Chama, ndi nsawa za ku Chipata. Wanzeru agula nsomba zouma mu November, pakuti m'mitsinje ndi nyanja zambiri kugwira nsomba kuletsedwa kuyambira 1 December kufikira kutha kwa February, ndipo mtengo ukwera.

Wocokera ku Migodi sadzabvutika ndi maina a ndiwo, cifukwa ambiri ndi a Cibemba. Koma wocokera kum'mawa aphunzire kuti nkhwani pa msika ndi cibwabwa, kholowa ndi kalembula, cigwada ndi katapa, bonongwe ndi bondwe, ndipo ndiwo zotendera ndi ifisashi. Mbaula nayonso isasowe pa nyumba, ngakhale muli citofu ca magetsi. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposa pa tsiku; amene anali ndi mbaula ndi thumba la malasha sanagone ndi njala. Koma mbaula isalowe m'cipinda cotseka usiku wa mphepo ya June, pakuti mpweya wa malasha upha munthu ali m'tulo.

ZA KUDYA KUNJA

Mbeta ndi wogwira nchito kutali sangathe kuphika masana. Kwa otere malo odyera alipo pa msika uliwonse, ndipo odziwika koposa ndi a Matebeto ku Thornpark. Dzinalo licokera ku mwambo wa Abemba umene akucikazi aphikira mkamwini zakudya za mitundumitundu pomthokoza. Kumeneko munthu asankha yekha nsomba, nkhuku ya kumudzi kapena nyama, naiona ikuocedwa pa moto, ndipo ndiwo zamasamba zidza m'timbale tambiri pambali pa nsima. Mabwana a m'maofesi ndi oyendetsa malole akhala pa benci limodzi. Madzulo m'makomboni mupezeka micopo, ndiyo nyama ya mbuzi yooca yodulidwa tizidutswa, ndipo m'miseu amai agulitsa vitumbuwa ndi cikanda, cakudya ca Abemba cophikidwa ndi nsinjiro ndi timizu ta kuthengo.

Posankha podyera okhalitsa sayang'ana utoto wa pa cipupa, koma zinthu zitatu. Coyamba, cakudya cicoke pa moto munthu akuona, cifukwa moto upha tizilombo ta matenda. Nsima yozizira ndi ndiwo zosabvundikira, zoterapo nchenche, azisiye. Caciwiri, madzi osamba m'manja akhale othira kucokera m'jagi kapena pa kampope, pamodzi ndi sopo, osati beseni limodzi losambamo anthu onse. Cacitatu, pakhale podzaza anthu, pakuti mphika wa pamalo potero sugona. Munkoyo ndi zakumwa zoumitsa za m'timapulasitiki zikoma pa dzuwa la October, koma zili ndi ukhondo wa madzi amene anazipangira. Nthawi ya mvula ndi bwino kugula kwa munthu wodziwika yekha.

Aliponso malo odyera a m'masitolo akuluakulu, monga Manda Hill imene inatsegulidwa mu 1999, Arcades ndi East Park, momwe muli zakudya za Amwenye, za Achaina ndi za Azungu. Palibe colakwa kupitako ndi banja tsiku la cikondwerero. Koma mbale imodzi ya kumeneko ingathe kudya ndalama za ndiwo za masiku angapo, ndipo mnyamata wozolowera kudyako pofuna kuoneka ndiye amene pakati pa mwezi agogoda pa khomo la wokongoza kaloba.

ANANSI

Langizo lotsiriza ndi la anthu. Cinyanja ndico cinenero ca m'misika ndi m'mabasi a Lusaka, ngakhale ncosakanizika ndi Cibemba, Cinsenga ndi Cingerezi, ndipo mlendo wopereka moni mwaulemu sasowa womlondolera njira. Alowe mpingo kapena gulu la cilimba la anthu amene awadziwa bwino, momwe mamembala asonkha ndalama mwezi ndi mwezi ndi kupatsana mosinthana. Ambiri agula thumba la ufa kapena kulipira lendi ndi ndalama zotere. Apite ku maliro a pa komboni ngakhale womwalirayo sanamdziwe. Mnansi ndiye adziwa mpope umene suuma, mai amene aphika mwaukhondo, ndi njira imene siyendeka usiku, ndipo ndiye adzanyamula wodwala kunka naye ku kiliniki pakati pa usiku.

Lusaka walandira alendo kuyambira tsiku limene sitima yoyamba inaima pamenepo, ndipo ambiri a iwo amanga nyumba, naphunzitsa ana ao, nakalamba mu mtendere. Munthu wa ku Migodi adziwa kale kuti salowa pansi asanayese denga la mgodi ndi citsulo, ngakhale lioneke lolimba. Acite cimodzimodzi ndi mzinda: ayang'ane cipupa, afunse za citsime, aone mphika uli pa moto, ndipo akatero atulutse ndalama zace.